Mneni chī: Atchaina amadya mankhwala, amadyanso zowawa

Pophunzitsa Chitchaina, mneni amene ndimakonda kuyamba naye ndi chī (吃), kutanthauza kudya. Kumanzere kwa chilembo chake kuli kabokosi koimira kamwa. Potchula, tulutsani mpweya ngati mu "tchire", koma lilime lipindikire m'mbuyo, mawu akhale okwera osatsika. Mukapanda kupinda lilime, Mtchaina amva qī, ndiye kuti 7.

Mneniyu sasintha. Ife timati ndinadya, ndikudya, ndidzadya, koma chī amakhala chī basi. Nthawi imadziwika ndi timawu tapambali: wǒ chī le, ndadya, wǒ chī guo, ndinadyapo.

Pamene pamavuta ophunzira anga ndi pa zinthu zodyedwazo. Wina anafuna kundiuza kuti wamwa mapiritsi a mutu, ndipo anagwiritsa ntchito hē, kumwa. Sindinamudzudzule, chifukwa kwathu mankhwala timamwadi. Ku China mapiritsi amadyedwa: chī yào. Hē amagwira pa mankhwala amadzimadzi, monga azitsamba owiritsa aja, komanso pa msuzi.

Kenaka mneniyu amachoka pa mbale n'kulowa m'moyo. Chī kuī ndi kuluza kapena kudyeredwa masuku pamutu. Chī jīng ndi kudzidzimuka. Chī cù, kudya viniga, ndi nsanje ya m'chikondi. Anthu amasimba nthano yoti Mfumu Taizong, amene analamulira dziko la China kuyambira 626 mpaka 649, anauza mkazi wa nduna yake Fang Xuanling kuti asankhe: alole mwamuna wake atenge akazi ena, kapena amwe poizoni. Mayiyo anagugudiza chikhocho, osadziwa kuti munali viniga.

Amene amandifika pamtima ndi chī kǔ, kudya zowawa. Abwana Achitchaina akanena za inu kuti néng chī kǔ, musakhumudwe. Akukuyamikirani kuti ndinu wopirira, wosathawa ntchito yolemetsa. Makolo ambiri kumeneko amafunitsitsa mwana wawo atakhala wotero.

Choncho sindilola wophunzira kulemba chī payekha m'kope. Amalemba pamodzi ndi chodyedwacho, monga mmene mlendo wophunzira Chichewa ayenera kudziwira kuti wodya ndalama za mpingo sanatafune kanthu. Ndipo mkulu wina akakufunsani kuti nǐ chī le ma, mwadya kodi, musayembekezere mbale. Ndi moni chabe, ingoyankhani kuti chī le.