Kusewera Mpira wa ku America ku Koleji Sikutanthauza Kuti Munthu Walemera

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti mnyamata aliyense amene wasewera mpira wa ku America ku koleji, uja wogundana atavala zipewa zolimba, ndiye kuti walowa kale mu ligi yaikulu ya NFL ndipo adzadya ndalama mpaka kukalamba. Nkhani imeneyi yanditopetsa, chifukwa si yoona.

Ligi yaikuluyo ili ndi matimu 32 okha. Chaka chilichonse matimuwa amasankha osewera atsopano m'magawo 7, ndipo osankhidwa onse amangopitirira 250 pang'ono. Pa osewera 100 a m'makoleji oyenera kusankhidwa, otengedwa safika ndi awiri omwe.

Kusankhidwako nakonso si kufika. Timu imayamba zokonzekera ndi anthu 90, koma pofika kumapeto kwa Ogasiti imatsala ndi 53. Enawo amaitanidwa mu ofesi, kubweza buku la njira zosewerera za timu, n'kulongedza zikwama. Opulumuka ambiri amasewera zaka zochepa basi, kenako n'kuchotsedwa, mwinanso bondo kapena phewa n'kuwakhazika pansi. Ndalama zimene zimalengezedwa pa kontrakiti nthawi zambiri sizikhala zotsimikizika zonse, ndipo wosewera akachotsedwa zotsalazo salandira.

Izi n'zosavuta kufufuza. Mayina a osankhidwa chaka chilichonse ali pa intaneti, pamodzi ndi masewera amene aliyense anasewera, ndiponso makoleji amasunga mayina a osewera awo akale. Wina akakutumizirani nkhani yoti uje anali katswiri, yambani mwapeza dzina lake pamenepo. Ngati silikupezeka, chonde musaitumize kwa ena.