Kamvuluvulu wosaoneka kumbuyo kwa ndege yaikulu

Pa 4 Novembala 2008, madzulo anthu akuweruka kuntchito, ndege yaing'ono ya Learjet 45 inagwera pakati pa magalimoto mumzinda wa Mexico City. Inkachokera ku San Luis Potosí itanyamula nduna ya zam'dziko, a Juan Camilo Mouriño. Anthu onse 9 a m'ndegemo anafa, komanso ena 7 amene anali pansi. Injini zinalibe vuto. Oyendetsa anachedwa kuchepetsa liwiro, n'kuyandikira kwambiri chindege cha Boeing 767 chimene chinali patsogolo, ndipo mpweya umene chindegecho chinasiya unaigudubuza ndege yawo.

Pantchito yathu yoyendetsa ndege mpweya wotere timautchula m'Chingerezi kuti "wake turbulence". Si utsi wa injini ayi, gwero lake ndi mapiko. Mpweya wa pansi pa phiko umakankha mwamphamvu kuposa wa pamwamba, n'chifukwa chake ndege imayandama. Koma kunsonga kwa phiko mpweya wapansiwo umathawira pamwamba n'kuyamba kupotana. Taganizani kamvuluvulu wa m'chilimwe, koma wogona chogona, mmodzi kuphiko lililonse, wopanda fumbi kapena masamba okuchenjezani. Amakula mphamvu ndege ikakhala yolemera ndiponso ikuyenda pang'onopang'ono, monga mmene imachitira potera. Kandege ka mapiko aafupi kakalowamo kamapendekeka mofulumira kuposa mmene woyendetsa angakawongolere, ndipo nthaka ili pompo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi tsiku labata. Mphepo yamphamvu imamwaza akamvuluvuluwa msanga, pamene kamphepo kayaziyazi kochokera chammbali kangathe kumukhazika mmodzi pamsewu wa ndege penipeni. Tsiku lomwe wophunzira akuti lero kwacha bwino ndi lomwe ndimamuchenjeza kawiri.

Malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse, amati ndege yosapitirira makilogalamu 7,000 idikire mphindi 3 isanatere pambuyo pa ndege yaikulu. Komabe nsanja yowongolera ndege pabwalo ikakuuza kuti uitsatire ndege yaikuluyo ndi maso ako, udindo wagwera iwe. Akamvuluvuluwa amamira, pafupifupi mamita 90 mpaka 150 pa mphindi, ndipo amasiya kupangika pamene gudumu lakutsogolo la chindegecho lagunda pansi. Choncho uluka pamwamba pa njira imene chadzera, yang'anitsitsa pamene matayala ake afuka utsi, iwe ukatere kutsogolo kwa pamenepo. Ngati malowo sunawaone, onjezera moto, ukwerenso, ukazungulire kaye.