Windows ndi Ubuntu pa kompyuta imodzi: mafunso ndi mayankho

Ndiyambe kuika iti?

Windows kaye. Ikabwera pambuyo imadziika patsogolo, ndipo GRUB, kamndandanda kosankhira komwe kamaoneka poyatsa, simukaonanso.

Malo a Ubuntu ndiwapeze bwanji?

Chepetsani partition (chigawo cha disiki) ya C: muli mu Windows momwemo, kudzera pa Disk Management. Musanatero, koperani mafayilo ofunika pa fulashi. Ngati BitLocker, loko ya Windows yokhomera disiki, ndi yoyatsa, lembani papepala kiyi yake ya manambala 48, chifukwa ikadzaifunsa mulibe, mafayilowo apita. Batire likhalenso lodzadza. Magetsi akathima partition ikusunthidwa, mumatsala ndi zidutswa zokhazokha.

Ndinazimitsa Windows bwinobwino, koma Ubuntu ikukana kusunga fayilo pa D:. Chavuta n'chiyani?

Apa ndi pomwe ambiri amaonongera disiki ndi manja awo. Kuyambira pa Windows 8, mu 2012, kudina Shut down sikuzimitsa kwenikweni. Fast Startup, njira yoti iziyaka msanga, imangoigoneka Windows, n'kusunga m'fayilo ya hiberfil.sys momwe zinthu zinalili. Ubuntu ikaona zimenezo imakulolani kuwerenga kokha, ndipo imachita bwino. Mukaikakamiza kulemba, Windows imadzuka ikukumbukira disiki ya dzulo, n'kuyamba kulemba motsatira zakalezo. Zithunzi za ukwati zomwe munaika usiku zimasowa, mwina NTFS yonse, dongosolo lomwe Windows imasungira mafayilo, n'kusokonekera.

Mankhwala ake ngosavuta. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani powercfg /h off. Windows idzichedwako pang'ono poyaka, koma kwa ine timasekondi timeneto si kanthu.

Windows ikuti ndifomate partition ina. Ndivomere?

Ayi ndithu! Windows siwerenga ext4, dongosolo lomwe Ubuntu imasungira mafayilo, ndiye imaiyesa yoonongeka. Dinani Cancel. Kapartition ka EFI nakonso, ka FAT32 komwe kawirikawiri kamakhala 100 MB, musakakhudze ngakhale kakuoneka kopanda ntchito. M'menemo ndi momwe muli zoyatsira Windows ndi Ubuntu yomwe.

Wotchi ikumasiyana ndi maola awiri. Disiki yayamba kufa?

Ili bwino. Ubuntu imasunga nthawi ya UTC, yomwe dziko lonse limayezerapo, Windows ya kwanuko, ndipo Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola 2.

Nanga ngati ndafufuta kale partition?

Lekani kulembapo chilichonse. Yatsani kompyuta ndi fulashi yoikira Ubuntu, muyendetse TestDisk, pulogalamu yofufuza ma partition otayika. Nthawi zambiri imaipeza partition yotayikayo ngati pamalopo sipanalembedwe zina.