Anyamata, soya safooketsa mwamuna

Pali mphekesera yomwe ikuyenda m'misika, kuyambira ku Ulongwe mpaka ku Tsangano ndi Furancungo, yoti mwamuna akamadya soya amafooka kuchipinda. Anyamata ena afika pokana phala la soya, ena akukana ndi nyemba zomwe. Limeneli ndi bodza, ndipo likutidetsa nkhawa ife azaumoyo chifukwa likuchotsa chakudya chomanga thupi pakamwa pa anthu amene akuchifuna kwambiri.

Mapuloteni ndiwo amamanga minofu, kupoletsa mabala ndi kuthandiza thupi kulimbana ndi matenda. Munthu wamkulu amafunika pafupifupi magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse, ndiye kuti mnyamata wolemera makilogalamu 60 amafunika magalamu pafupifupi 50. Nsima imapereka gawo lina, makamaka ya mgaiwa. Koma nsima ndi chigwada chopanda nsinjiro masana, madzulo chimodzimodzi, munthu atalima tsiku lonse kapena kusenza matumba a mbatata, amangokhuta basi. Kukhuta kokha sikumanga thupi.

Nanga soya amene mukumuthawayu? M'magalamu 100 a soya wouma muli mapuloteni pafupifupi magalamu 36, kuposa nyemba zomwe zili ndi 21 ndi mtedza wa 25. Dzira limodzi lili ndi 6 okha. Akatswiri anayeza amuna odya soya ndipo sanapeze kuti mahomoni achimuna amatsika. Ku China ndi ku Japan anthu akhala akudya soya zaka mazanamazana, ndipo akubereka ndithu.

Chimandiwawa n'chakuti soya ameneyu timalima tokha kuno ku Angónia. Mnyamata amakolola, n'kugulitsa yense kwa mavenda osasiyako ndi ndowa imodzi, kenako ndalamayo n'kukagula ufa wa m'zitini wa "zolimbitsa thupi" wosadziwika kumene wachokera. Musatero, abale. Siyani ndowa ziwiri pakhomo. Mumukazinge kapena kumuwiritsa mpaka apse bwino musanagayitse, chifukwa soya wosapsa amavuta kugayika m'mimba. Sakanizani ufa wake ndi mgaiwa pophika phala, tsirani nsinjiro m'masamba, ndipo ndalama ikapezeka gulani kapenta wa ku Cahora Bassa. Nyama ya mbuzi ndi yabwino, koma simuyenera kuidikira kuti thupi likwane.

Ngati mphamvu zachimuna zachepadi, musaloze chala soya. Kachasu, fodya, nkhawa, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndizo zimachititsa zimenezi kawirikawiri. Ndipo ngati mukuonda, mukutuluka thukuta usiku, kapena mwakhosomola masabata awiri, makamaka inu ogwira ntchito m'fumbi la malasha ku Moatize, musanene kuti ndi zakudya. Pitani kuchipatala sabata yomweyi mukayezetse TB, HIV ndi shuga.