Mkango pamkono, mphini pamsana

Ukaima pamsika wa Nchalo kapena pa Dyeratu m'nyengo yotentha ino, anyamata a kabaza atavala malaya odula manja, sulephera kuona mkango, chiwombankhanga kapena chinkhanira chojambulidwa pamkono. Eni ake amati tatuu. Akuluakulu ambiri zimawanyansa, amati nzotengera pa Facebook ndi kwa oimba akunja. Koma akuluakulu omwewo akabwera kuchipatala n'kuvula malaya kuti tiwapime m'chifuwa, timawapeza ndi timizere takuda pamsana, m'mawondo ndi m'mbali mwa maso. Ife ogwira ntchito ya matenda a khungu timaona zonse ziwirizi m'mawa umodzi, ndipo chomwe ndaona ine nchakuti kulemba pakhungu si kwachilendo kuchigwa cha Shire kuno. Chachilendo ndi chithunzi cha nyamacho.

Mphini zinalipo za mitundu iwiri, ndipo anthu akamakangana amazisakaniza. Zina zinali zokongoletsa, zina zamankhwala.

Zokongoletsa zinali makamaka za amayi. Mtsikana akamasinkhuka, mayi wodziwa ntchitoyi ankatsina khungu, kapena kulikola ndi munga kuti litukuke, n'kulicheka pang'ono ndi lumo, kenako n'kutikitamo makala osinja, nthawi zina osakaniza ndi mafuta a nsatsi. Ankatero pamphumi, m'masaya, pachifuwa, pamimba, m'chiuno mpaka m'ntchafu. Zomwe ndaziona pa agogo a Chimang'anja ndi a Chisena ndi mizere yondondozana, madontho, ndi timizere tokumana ngati mutu wa muvi. Sindinakumanepo ndi gogo wotemedwa nkhope ya mkango kapena ya njovu.

Chifukwa china chili m'khungu momwemo. Pakhungu loyera utoto wakuda umaoneka bwino, munthu angathe kujambulapo chilichonse, ngakhale nthenga za mbalame. Pakhungu lathu lakuda makala saoneka patali. Chomwe chimaoneka ndi chipsera chotukuka, chifukwa chimagwira kuwala kwa dzuwa, makamaka munthu akadzola mafuta. N'chifukwa chake mitundu yambiri ya muno mu Africa inasankha kutema m'malo mobaya ndi utoto, ndipo makala aja, kuwonjezera pa kudetsa, ankachedwetsa bala kupola kuti chipsera chitukuke. Tsono chipsera chotukuka si cha maso okha, ncha zala. Mphini za pamimba, m'chiuno ndi m'ntchafu sizinali za anthu a panjira. Zinali za m'nyumba, pamodzi ndi mikanda, ndipo anamkungwi ankadziwa bwino ntchito yake. Zala mumdima zimatsata mizere ndi madontho, sizingazindikire kuti uyu ndi mkango. Amene amati makolo athu sankajambula nyama pathupi chifukwa chosowa luso sanaganizepo za amene ankayenera kuziwerenga mphinizo.

Panalinso pelele. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 analemba zambiri za amayi a Chimang'anja ovala pelele kumlomo wam'mwamba. Mtsikana ankabooledwa mlomo pafupi ndi mphuno, n'kuikamo kamtengo kuti pasatsekeke. Pakapola ankachotsa kamtengoko n'kuikamo kokulirapo, pang'onopang'ono kwa zaka, mpaka mulowe mkombero wa masentimita pafupifupi 5. Osauka ankavala ya nsungwi, opeza bwino ya mnyanga wa njovu kapena ya chitsulo choyera. Mzunguyo zinamunyansa, ndipo atafunsa mfumu ina yokalamba chifukwa chake, inamuyankha modabwa kuti nzokongoletsa basi: amuna ali ndi ndevu, nanga mkazi wopanda ndevu, wopandanso pelele, angaoneke bwanji? Pelele inatha kalekale, ndipo palibe amene akuilira. Koma ndimaikumbukira ndikamva agogo akunyoza mdzukulu woboola mphuno.

Nanga nyama zinali kuti, poti makolo athu ankakhala nazo pafupi kuposa ife? Dambo lomwe azungu analitcha Elephant Marsh linatchedwa choncho chifukwa cha njovu mazanamazana zomwe Livingstone anaziona mmenemo. Nyama zinali paliponse m'moyo wa anthu, koma aliyense ankadziwa malo ake. Zinali m'mafuko, pomwe ena amatchedwa ndi dzina la nyama ndipo saidya. Zinali kudambwe, komwe Kasiyamaliro ndi Njovu zimatuluka pa maliro ndi pa chinamwali, nyama zoti munthu amazivala thupi lonse kwa kanthawi, gule akatha n'kuzisiya. Zinali ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, komwe Mbona, mwini mvula, amati amabwera kwa mkazi wake Salima ngati nsato. Kwa abale athu a m'mbali mwa Zambezi, mzimu wa mfumu yomwalira amati umalowa mu mkango. Nyama zoterezi zili ndi eni ake, zili ndi miyambo yake. Munthu wamba sakanadzuka m'mawa n'kunena kuti nsato ija ndiitemetse pamkono chifukwa yandisangalatsa. Ukanakhala mwano, mwinanso kudziputira tsoka.

Kwina anasankha njira ina, ndipo anayamba kale kwambiri. Ku British Museum ku London kuli mtembo wa mwamuna wa ku Gebelein, ku Egypt, wa zaka pafupifupi 5,000. Kwa nthawi yaitali anthu ankaona chidetso chabe pamkono pake, koma mu 2018 akatswiri atauunika ndi kuwala kwapadera anapeza kuti ndi zithunzi za ng'ombe yamphongo yam'tchire ndi nkhosa yam'mapiri, nyama zanyanga zosonyeza mphamvu. Kumapiri a Altai ku Siberia, mu 1993, anafukula mtembo wa mayi wa zaka pafupifupi 2,500 wosungika m'madzi oundana, paphewa pake pali mbawala ya nyanga zopiringizika ndi mlomo wa mbalame. Kufupi kuno, Amakonde a kumpoto kwa Mozambique ankatema kumaso ndi pathupi, ndipo pakati pa mizere yawo ankaikamo abuluzi.

Omwe amandichititsa chidwi kwambiri ndi anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Sepik ku Papua New Guinea, chifukwa moyo wawo ukufanana ndi wathu: mtsinje waukulu, madambo, mabwato, nsomba ndi ng'ona. Iwo anyamata akamavinidwa amawacheka mabala ambirimbiri pamsana, m'mapewa ndi pachifuwa, kuti akapola khungu lifanane ndi la ng'ona. Amati ng'ona yam'meza mwana n'kumulavula ali mwamuna. Tayesani kukanena zimenezo kwa msodzi wa ku Makhanga kapena ku Chiromo, amene anaika m'manda mwendo wokha wa mbale wake. Kwathu kuno ng'ona ikagwira munthu, funso loyamba limakhala lakuti yatumidwa ndi ndani, ndipo ndulu yake imatchulidwa monong'ona. Nyama ndi imodzimodzi, koma tanthauzo silili m'nyamamo, lili mwa anthu okhala nayo. Ndiye mnyamata akandiuza kuti anaona pa intaneti kuti mkango umatanthauza kulimba mtima, kadzidzi nzeru, njoka moyo watsopano, ndimangomufunsa kuti, kwa ndani? Kadzidzi wa nzeru uja ndi wa Agiriki. Wathu akalira padenga usiku, anthu sagona.

Komabe pali njira imodzi yomwe nyama inkalowera m'thupi la munthu wakuchigwa, ndipo ikulowabe mpaka lero. Imeneyi ndi ya mphini zamankhwala. Sing'anga akamakonza mankhwala otemera, mizu yokha nthawi zambiri sikwanira. Pamafunika chizimba, chomwe chimadzutsa mankhwalawo, ndipo chizimba kawirikawiri chimachokera ku nyama: ubweya, chikhadabo, fupa, chikopa cha njoka, mamba a ngaka. Amaziwotcha, kusinja, n'kutikita m'mabala. Wofuna kuopedwa amafuna kanthu ka mkango, wofuna liwiro amafuna ka nyama yothamanga. Mnyamata wa lero wojambulitsa mkango pamkono ndi agogo ake aamuna omwe anatemera kuti akhwime akufuna chinthu chimodzi, kubwereka mphamvu ya nyama. Kusiyana kwake nkwakuti wina akufuna anthu aone, pomwe winayo mphamvu yake inali m'kubisa. Ndinene pano kuti ngaka ndi nyama yotetezedwa ndi malamulo, ndipo anthu ambiri ali kundende chifukwa chopezeka nayo.

Mphini zokongoletsa zinatha mosavuta. Mipingo inaziletsa, ena powerenga Levitiko 19:28, sukulu zinabwera, atsikana anayamba kuchita nazo manyazi m'tauni. Zamankhwala sizinathe, chifukwa ululu sunathe. Izinso si zathu zokha. Mu 1991, m'mapiri a Alps pamalire a Italy ndi Austria, anapeza mtembo wa mwamuna wa zaka zoposa 5,000, yemwe anamutcha Ötzi. Ali ndi zizindikiro 61 pathupi, timizere ndi timitanda todetsedwa ndi mwaye, ndipo tambiri tili kumunsi kwa msana, m'mawondo ndi mu akakolo, malo omwe mafupa ake akuonetsa kuti anali operepeseka. Namwino aliyense wa ku Ngabu ataona chithunzi cha msana umenewo angati awa ndi agogo a nyamakazi ochokera kwa sing'anga.

Kwa ife akuchipatala mphini zili ngati kabuku ka kuchipatala komwe wodwala sangakaiwale kunyumba. Za m'mbali mwa maso zimatiuza za mutu wosatha kapena vuto la maso. Za pachifuwa, chifuwa chokhalitsa kapena mtima. Mwana wotemedwa kumanzere kwa mimba, pansi pa nthiti, nthawi zambiri anatupapo kapamba, ndipo kuchigwa kuno kapamba wotupa timayamba taganizira malungo obwerezabwereza kapena likodzo. Sindimukalipira mayi wa mwana wotere. Anaona bwino pomwe pali vuto, anangopita nalo kolakwika, ndipo ndikamukalipira ulendo wina sabwera. Pomwe sindinyengerera mpa munthu wolumidwa ndi njoka. Kutema pabala sikuchotsa ululu wa njoka. Kumangowonjezera bala lina, kutaya magazi, ndi kutaya maola omwe akanafikira kuchipatala.

Chomwe mphini ndi tatuu zimafanana kwenikweni ndi kuya kwake. Khungu lapamwamba limafundula lokha pafupifupi mwezi uliwonse, ndiye chilichonse cholembedwa pamenepo chimachoka. Kuti chizindikiro chikhale, makala kapena inki iyenera kufika m'chigawo chachiwiri, milimita imodzi kapena ziwiri kulowa mkati. Kumeneko asilikali a m'thupi amathamangira kukameza tizidutswa ta utotowo, koma amalephera kutigaya, ndiye amangokhala nato pomwepo. Akafa, anzawo amatimezanso. Makina a magetsi ojambulira tatuu omwe Samuel O'Reilly analembetsa ku New York mu 1891 sanasinthe zimenezi, anangofulumizitsa kubaya. Ndipo chigawo chachiwiricho ndi momwe muli mitsempha ya magazi. Palibe tatuu kapena mphini yokhalitsa yomwe sikhudza magazi.

Apa mpomwe lezala limodzi lotemera banja lonse linasanduka choopsa, makamaka HIV itapezeka m'dziko muno mu 1985. Asing'anga ambiri anamva, masiku ano amauza munthu kuti abwere ndi lezala lake. Koma anthu amaiwala matenda a chiwindi a hepatitis B, omwe amapatsirana mosavuta kuposa HIV, ndipo kachilombo kake kamatha kukhala kamoyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu. Katemera wake analowa m'ndondomeko ya ana kuno mu 2002, kutanthauza kuti obadwa chisanafike chaka chimenecho ambiri sanabayidwe. Palinso kafumbata, yemwe amakonda bala lothiridwa phulusa ndi dothi. Kwa wojambula tatuu, singano yatsopano yokha sikwanira. Ngati akuviika m'kabotolo ka inki komwe anaviikamo pojambula munthu wina, singano yatsopanoyo yadetsedwa kale. Inki ya munthu aliyense ithiridwe pakepake, yotsala itayidwe. Za anyamata ojambulana kuseri kwa sukulu ndi singano yosokera ndi inki ya bolopeni, kapena kudziwotcha ndi utomoni wa mbewu zina kuti patuluke dzina la chibwenzi, timaziona zikafika potukusira mafinya. Kutentha kwa kuno, thukuta ndi kusamba mu Shire bala lisanapole zimangowonjezera moto.

Vuto lomwe achinyamata salidziwa, koma amayi otema aja ankalidziwa, ndi la zipsera zokula mopitirira, zomwe kuchipatala timati keloid. Khungu lakuda limachita zimenezi kawirikawiri kuposa loyera, ndipo zimayenda m'magazi a pabanja. Chipsera chotere sichiima pomwe panali bala. Chimakula n'kudya khungu labwino, chimayabwa, nthawi zina chimapweteka, ndipo chimakonda pachifuwa, m'mapewa, kumsana cham'mwamba ndi m'makutu, malo omwewo omwe anyamata amakonda kuikapo mkango. Kuchidula kokha nthawi zambiri chimameranso chachikulu kuposa poyamba. Musanapite kukajambulitsa, yang'anani chipsera cha katemera paphewa panu, mabowo a ndolo a alongo anu, ndi mphini za amayi anu. Ngati pali zotupa zolimba zonyezimira, thupi la kwanu layankha kale.

Kufufuta tatuu kumatheka ndi makina a kuwala kwamphamvu otchedwa laser, koma kumafuna maulendo angapo, ndalama zambiri, ndipo pakhungu lakuda kumatha kusiya banga loyera kapena lodera kuposa khungu lozungulira. Obwera kudzafunsa za kufufuta ambiri sakhala a mkango kapena chiwombankhanga. Amakhala olembetsa dzina la munthu.