Mapampu akauma pambuyo pa namondwe, sikuti mafuta atha m'dziko

Ambiri akaona malo omwetsera mafuta atauma namondwe atangodutsa, amati basi, mafuta atheratu. Kawirikawiri si choncho.

Mu Ogasiti 2017, namondwe Harvey anatseketsa mafakitale oyenga mafuta ku Texas, m'dziko la America, kuphatikizapo fakitale ya kampani ya Motiva mumzinda wa Port Arthur, ndipo mitengo inakweradi. Koma mumzinda wa Dallas ku Texas komweko, kutali ndi kumene madzi anasefukira, mphekesera za pa intaneti ndizo zinathamangitsira anthu kumapampu, ena atanyamula zigubu. Thanki ya pafilingi siteshoni imasunga mafuta a masiku ochepa chabe, ndipo magalimoto odzadzazanso ali ndi nthawi yawo. Aliyense akafuna fulu thanki tsiku limodzi, mafuta amatha dzuwa lisanalowe, pomwe m'nkhokwe zikuluzikulu akadalimo. Ryan Sitton, amene panthawiyo anali mmodzi wa oyang'anira za mafuta ku Texas, anachita kupempha anthu kuti mitima ikhale m'malo.