Dothi lobwera pa tipa: kodi nyumba yanu yakhala pa chiyani?

Chaka china mu Okutobala, bambo ena anandiitana kuti ndikaone nyumba yawo kudera lina latsopano mumzinda wa Lilongwe. Nyumbayo inali isanathe zaka zinayi, koma mng'alu unali utayenda kuchokera pangodya ya windo mpaka kumaziko, woti chala chaching'ono n'kulowa. Chitseko cha kukhitchini chinkakana kutsekeka m'chilimwe, koma mvula ikangoyamba chinkatsekeka bwinobwino. Eni nyumba anali atagamula kale mlandu: bilidala anaba simenti.

Ndinapempha anyamata awiri, piki ndi fosholo, ndipo tinakumba dzenje pambali pa nyumbayo. Masentimita 30 oyamba anali katondo wofiira, wokongola ndithu. Kenako, pamzere wowongoka ngati wodula ndi mpeni, panayamba dongo lakuda lomata, la mabumamabuma, ndipo m'katimo munatuluka chidutswa cha njerwa yootcha, jumbo ya buluu ndi chitsekerero cha botolo. Titayandikira mita imodzi ndi theka tinapeza dothi lina lofewa, lakuda bii, lonunkha ngati dzira lovunda, muli mizu ya udzu wa kudambo.

"Bambo," ndinawauza, "bilidala wanu mwina ali ndi zolakwa zake, koma uwu si mlandu wake. Nyumba yanu yakhala pa dambo lovekedwa malaya."

Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mapuloti otere achuluka m'mizinda yathu. Lilongwe anakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo pofika kalembera wa 2018 munali anthu pafupifupi 989,000. Malo okwera ndi ouma anatha kale, tsono anthu akutsikira m'madambo, m'maenje momwe kale ankaumbamo njerwa, ndi m'mbali mwa mitsinje. Wogulitsa amaitanitsa matipa angapo a dothi lochokera komwe akukumba msewu kapena maziko a nyumba yosanja, n'kusalaza, basi puloti yapezeka.

Nthaka yachibadwa ili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo imawerengeka pakhoma la dzenje. Pamwamba pamakhala poderapo chifukwa cha masamba ndi mizu yowola, ndipo mtundu umasintha pang'onopang'ono mukamatsika, moti simungaloze ndi chala kuti gawo ili lathera apa. Muli timabowo ta mizu, ta chiswe ndi ta nyongolotsi momwe madzi ndi mpweya zimadutsa. Zimenezi zimatenga zaka mazanamazana kuti zikhazikike. Dothi lobwera lilibe zonsezi. Malire a magawo ake ndi akuthwa, mabuma ofiira, otuwa ndi akuda amagona mosakanikirana monga momwe anagwera kuchoka mu tipa, ndipo nthawi zambiri dothi lomwe linali pansi penipeni kwawo ndilo limapezeka pamwamba. Chizindikiro chosanama konse ndi dothi lakuda la pamwamba likapezeka litakwiriridwa pansi, mizu ili momwemo.

Tsono likakhala la dongo, nkhani imakula. Ife a za nthaka tikamati dongo timanena tinthu tosaposa mamilimita 0.002, tosaoneka ndi maso. Kuliyesa sikufuna makina: nyowetsani dothi pang'ono, likanyeni m'manja, kenako lifinyeni pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala kuti lizituluka ngati lamba. Lambayo akadutsa masentimita 5 asanaduke, dongo ndi lambiri.

Koma dongo si limodzi, ndipo apa ndi pamene ogula mapuloti ambiri amagwera. Katondo wa m'zigwa za Lilongwe ali ndi dongo lambiri, koma ndi la mtundu wotchedwa kaolinite, lomwe silitupa kwenikweni likanyowa. Nyumba imakhala bwino pa katondo. Makande, dothi lakuda lija la ku Chikwawa, ku Nsanje, kuchigwa cha Phalombe ndi m'madambo ambiri, ali ndi dongo lotchedwa smectite. Ili limamwa madzi n'kutupa, likauma n'kukhwinyata mpaka kusiya ming'alu yolowa dzanja. Akatswiri amatcha makandewa Vertisols, ndipo mwa zina, dothi limalowa m'gululi ngati dongo lake lafika magawo 30 pa 100 alionse. Mukaswa buma lake lapansi mumaona mbali zosalala, zonyezimira ngati zapakidwa mafuta, pomwe dothi lakhala likukhulana lokhalokha potupa. Alimi a thonje ndi mpunga amawakonda makande. Khoma la njerwa siliwakonda ayi. Ndipo makande mukawanyamula pa tipa, khalidwe lawo salisiya kumudzi. Chitseko cha bambo aja chinkatsatira nyengo chifukwa ngodya ina ya nyumba inkakwera m'dzinja n'kutsika m'chilimwe, pomwe pakati pa nyumba, posafika mvula kapena dzuwa, panali phee.

Chinanso ndi kutsendera. Womanga amafuna dothi lolimba, wolima amafuna lofewa, koma dothi lotsira mwachisawawa limakhumudwitsa onse awiri. Pomwe matayala a tipa ankadutsa mobwerezabwereza, makamaka dongo lili lonyowa, pamalimba ngati konkire. Pambali pake penipeni, pomwe anangokhuthula, mabuma amasiya mphako pakati pawo, ndipo zimatenga mvula ya zaka zingapo kuti akhazikike. Nyumba siing'ambika chifukwa yatsika, imang'ambika chifukwa mbali ina yatsika kuposa inzake. M'malamulo a ntchito, dothi lotsira pomanga liyenera kuikidwa pang'onopang'ono, mwina masentimita 15 nthawi imodzi, kulinyowetsa moyenera ndi kulitsendera lisanabwere lina. Ndi ogulitsa mapuloti angati amene mwawaonapo akuchita zimenezi?

Kwa wofuna kadimba kuseri kwa nyumba, mavuto ndi ena. Dongo louma likafika polemera pafupifupi matani 1.5 pa kiyubiki mita, mizu imalephera kuboola, imangoyenda cham'mbali. Mukakumba dzenje m'dongo lotere n'kuthiramo manyowa kuti mubzale mapeyala, mwaumba mtsuko: madzi amalowa koma alibe kotulukira, ndipo mizu imaola mwezi wa Febuluwale. Ndi bwino kubzala pa nthumbira yokwera. Sokawe nayo sichedwa kudzadza pa chifukwa chomwecho. Komanso zigumukire za nyumba zakale zili ndi simenti ndi laimu, zomwe zimachepetsa asidi wa m'nthaka n'kukweza pH, muyeso umene umakwera asidi akamachepa, mpaka 8 kapena kuposa, ndiye masamba a mandimu ndi malalanje amachita chikasu posowa ayironi ngakhale muthire feteleza wochuluka bwanji. Ngati m'dothimo mukutuluka mabatire akale, phulusa la zinyalala kapena mafuta akuda a galimoto, ndiwo zamasamba musabzalemo musanaliyezetse, chifukwa zinthuzi zingasiye mtovu m'dothi, ndipo mtovu suola.

Kwa nthawi yaitali akatswiri anzanga sankaliwerengera dothi lotere. Ntchito yathu inabadwira m'munda, ndiye pamapu akale malo a m'tauni ankangowapaka mtundu umodzi n'kulemba kuti ndi omangidwa. Zinasintha mu 2006, pamene ndondomeko ya dziko lonse yogawira nthaka, World Reference Base, inakhazikitsa gulu latsopano la Technosols. Dothi limalowa m'gululi ngati zinthu zopangidwa ndi anthu, monga njerwa, magalasi, mapulasitiki ndi phulusa la m'fakitale, zafika magawo 20 pa 100 alionse m'mita yoyamba, kapena ngati pamwamba pake patsekedwa ndi konkire kapena phula. Chodabwitsa n'chakuti dongo loyera bwino lobwera pa tipa, lopanda zinyalala zokwanira, silikhala Technosol. Kawirikawiri limagwera m'gulu la Regosols, nthaka zosakhwima zomwe sizinayambe kupanga magawo, kenako timawonjezera mawu oti Transportic kusonyeza kuti linachita kunyamulidwa, ndi Clayic kusonyeza kuti ndi la dongo.

A ku America ali ndi ndondomeko yawoyawo, ndipo mu 2014 anaikonzanso kuti dothi losunthidwa ndi anthu lipeze malo. Likafika masentimita 50 kuchindikala, dzina lake limayamba ndi Anthroportic, ndipo likakhala lotsenderedwa mpaka kutseka mizu amati Anthrodensic. Amaonanso kuchuluka kwa dongo: magawo 35 mpaka 60 pa 100 ndi banja lina, kuposa apo ndi linanso. Polemba zomwe aona m'dzenje, gawo lililonse lobwera amaliika kachizindikiro aka ^ patsogolo, ndipo muli zinyalala za anthu amawonjezera chilembo u. Mzinda wa New York unafika popatsa nthaka zake mayina a malo: Laguardia ndi dothi losakanikirana ndi zigumukire za nyumba, pomwe Freshkills, dzina la mtaya waukulu wa zinyalala wa ku Staten Island womwe unatsekedwa mu 2001, ndi dothi lotsiridwa pamwamba pa zinyalala za m'makomo.

Mayinawa ngolumitsa lilime, ndikuvomera, ndipo sindikuyembekeza kuti mukawatchule kwa amfumu pogula malo. Phindu lake n'lakuti amakakamiza woyesa nthaka kuyankha mafunso oyenera: dothili lachokera kuti, lachindikala bwanji, muli chiyani, nanga pansi pake pali chiyani? Mapu a nthaka a muyeso wa 1:250,000 sangakuyankheni. Pamapu otere sentimita imodzi ikuimira makilomita awiri ndi theka, ndiye puloti yanu ndi yaing'ono kuposa kadontho ka cholembera.

Choncho musanapereke ndalama, kumbani maenje awiri kapena atatu, lina kumtunda lina kumunsi, mpaka mutapeza nthaka yachibadwa. Dzenje likapitirira m'chiuno samalani, dothi lotsira limagumuka mosachenjeza. Funsani agogo okhalitsa m'deralo kuti kale pamenepo pankamera chiyani. Akatchula bango kapena mpunga, mwamva kale. Zithunzi zakale za pa Google Earth nazo zimaulula madambo omwe lero ali ndi mipanda. Yang'anani makoma a oyandikana nawo. Ngati n'kotheka pitaniko kawiri, mu Febuluwale kukaona pomwe madzi amaima, ndi mu Okutobala kukaona ming'alu. Dothi la kudimba mungathe kukaliyezetsa kumalo ofufuza za ulimi monga ku Chitedze kapena ku Bvumbwe, koma la pomanga likufuna injiniya, amene angakuuzeni ngati maziko atsike mpaka polimba, kapena dongolo lichotsedwe, kapena nyumba ikhale pa silabu imodzi yokhala ndi zitsulo.

Nyumba ya bambo aja sinafunike kugwetsa. Pa makande chofunika ndi chakuti chinyezi cha pansi pa maziko chisamasinthesinthe, ndiye tinaika magatala otaya madzi a padenga kutali, tinazunguliza khonde la konkire lopendekera kunja, ndipo mitengo iwiri ya bulugamu yomwe inkayamwa madzi pafupi ndi khoma long'ambikalo tinaidula. Pamng'alu tinamatapo kachidutswa ka galasi ndi simenti n'kulemba tsiku, kuti khoma likasunthanso galasilo lisweke. Ndinawauza kuti asathamangire pulasitala mpaka dzinja ndi chilimwe zidutse. Za bilidala uja anati akamupepesa, ngakhale nkhani ya matumba awiri a simenti omwe anasowa nthawi ya lintala anati imeneyo ikadalipo.